Nditumize?

Kuseri kwa depoti ya Salima,
pakati pa wowotcherera njinga ndi wogulitsa machaja,
ndili ndi kashopu ka fotokope:
tebulo limodzi, laputopu yobenthuka pakona,
fani yomwe imangotembenuza kutentha.

Chaka chino ndalemba wantchito.
Sadya, safunsa ya thiransipoti,
sapempha tchuthi cha maliro.
Amakhala m'mphepete mwa bulawuza, kudzanja lamanja,
m'kabokosi kowonda ngati lisiti.
Mwana wanga Mwatitha akuti ndi AI.
Ine ndimangoti Kalaliki.

Mmawa afika Che Twaibu a kabaza,
thukuta lili chuchuchu,
akufuna kalata yopita kukhonsolo,
malo oimikapo njinga awalanda.
Akuyankhula mokalipa, ine ndikutaipa momwemo,
Kalaliki akuthothola minga, kusiya mfundo.
Che Twaibu amvetsera, apukusa mutu:
"Bwezeranimoni liwu limodzi lija.
Amve kuti tapsa mtima."
Tibwezeramo.

Pamwamba patseguka masamba khumi ndi awiri:
mtengo wa inki ku Lilongwe,
zotsatira za mayeso a mdzukulu wa a Zelipa a ku Khombedza,
matumba a mpunga wa ku Lifuwu omwe sakugwirizana ndi kaundula.
Iye amalowa tsamba ndi tsamba
ngati mayi wofunsa mitengo mumsika wonse asanamasule mpango.
Amaphonyanso.
Dzana anandiuza za basi ya ku Dwangwa
yomwe inasiya kuyenda Mwatitha asanamere mano.
Ndiye ndimamuyang'ana m'manja
monga ndichitira ndi kondakitala pa chenji.

Koma ali ndi khalidwe limodzi.
Akadzaza zonse, asanadine batani lomaliza,
amaima.
Amafunsa: Nditumize?

Lachitatu masana kunalibe munthu.
Ngakhale mbuzi zinabisala pansi pa lole.
Ndinati lero ndi tsiku langa,
fomu ya ngongole, ndigule pulinta yatsopano.
Anayamba: dzina, nambala ya chitupa, mudzi, mfumu yaikulu,
zonse kutapa mu fomu yakale yomwe ndinamupatsa.
Kenako mzere wachisanu ndi chiwiri.
Wokwatiwa.
Dzina la mwamuna: Lameki Chimtengo.

Lameki anakwera basi ya ku Joni zaka zinayi zapitazo
atavala jekete yomwe ndinasoka thumba lake.
Chaka choyamba ankaimba.
Chachiwiri ankangofulasha.
Tsopano nambala yake imayankhidwa ndi mzimayi wa pakampani
wondiuza m'Chingerezi kuti ndiyesenso nthawi ina.

Mabokosi alipo anayi:
wokwatiwa, wosakwatiwa, wamasiye, banja linatha.
La wodikira palibe.

Nditumize?

Ankhoswe sanandifunsepo.
Apongozi amangoti pirira, kunja kumavuta.
Amayi a kumpingo amandiitanabe Mayi Chimtengo
mokweza, ngati akukhomerera msomali womwe ukugwedera.
Lero chondifunsa ndi chinthu chopanda pakamwa,
chosadziwa fungo la jekete,
chosadziwa kuti mphasa ya awiri imakula usiku.

Kamzere kakuda kakuphethira, kakuphethira.
Bandulo ikutha.
Panja wowotcherera akuthetheretsa moto pa felemu yothyoka,
ndipo ine ndikudziwa kuti si chitsulo chilichonse chimagwira.

Ndinalemba kuti: Dikira.
Anadikira.
Sanandiuze kuti pirira, sanandiuze kuti usiye.

Dzinalo ndinafufuta ndekha,
chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto,
o, g, n, e,
mpaka L anatsala yekha, ataima ngati munthu pa siteji,
naye n'kupita.
Imeneyo si ntchito ya kalaliki.

Pa mzere wa wachibale wapafupi ndinaika Mwatitha.

Mnyamata wa yunifolomu anasuzumira pakhomo:
"Anti, fotokope mbali zonse ndi zingati?"
Ndinamuuza mtengo, mawu anga osanjenjemera.
Ndinapukuta manja pachitenje,
ndinabwerera pa kabokosi kaja.

Nditumize?

Tumiza.
Ukatha, undipezere mtengo wa mapepala.